Kodi mawu a makolo amafika ku Capital Hill?

Mayi wina wa m'komiti ya sukulu yapulayimale wanditumizira imelo. Akuti kwa zaka zitatu akhala akuumba njerwa, kututa mchenga ndi kulondola ana ojomba, koma sanafunsidwepo maganizo pa zomwe anawo amaphunzira m'kalasi. Funso lawo ndi lakuti: mfundo za maphunziro amapanga ndani?

Mayi, papepala amapanga ndi unduna wa zamaphunziro, malamulo n'kudzera ku Nyumba ya Malamulo. Koma khutu la unduna limatsegukira amene abwera ali gulu, ali ndi pogwira.

Kumbukirani za m'chaka cha 2000. Boma la a Bakili Muluzi linachotsa Bible Knowledge kusekondale n'kuikapo Religious and Moral Education, phunziro lokhudza Chikhristu, Chisilamu ndi chipembedzo cha makolo. Mipingo yachikhristu, maepiskopi a Katolika ali patsogolo, inakana kwamtuwagalu. Inalinso ndi pokanira, paja sukulu zambiri m'dziko muno eni ake ndi amishoni. Boma linabwerera m'mbuyo, mapeto ake maphunziro awiriwo anangosiyidwa kuti aziyendera limodzi. Sindikunena kuti mipingo inalakwa ayi. Chondiwawa ine n'chakuti mbali zonse zinkalankhula m'dzina la makolo, makolowo ali kumunda.

Ma Rasta alibe sukulu zoopsezera nazo boma, ndiye anadzera kukhoti. Mu Meyi 2023, bwalo lalikulu ku Zomba linagamula kuti kukaniza mwana sukulu ya boma chifukwa cha tsitsi lake lopota n'kuphwanya malamulo. Zinatenga zaka, koma zinatheka.

Nanga inu? Lamulo la maphunziro la 2013 linaika Chingerezi kukhala chilankhulo chophunzitsira, pomwe mu 1996 unduna unali utanena kuti ana a Sitandade 1 mpaka 4 aziphunzira m'chilankhulo chawo. Ndikukayika ngati komiti yanu inaitanidwa. Mwina munangozimvera pawailesi mukusonkhezera moto.

Komiti imodzi siyimveka patali, ikangodandaula kwa ahedi nkhani imathera mu ofesi momwemo. Yambirani pa zoni. Kumanani ndi makomiti a sukulu zoyandikana nanu ku TDC, malo omwe aphunzitsi a m'zoni amachitirako maphunziro awo, mugwirizane nkhani imodzi yokha, osati khumi, muilembe ndi kusainira nonse. Kalata ina ipite kwa a PEA, mlangizi wa sukulu zapulayimale m'zoni yanu, ina kwa phungu wanu, ina ku Civil Society Education Coalition, mgwirizano wa mabungwe omwe si aboma oona za maphunziro. Ina isaleke kutsala m'chikwama mwanu, yodindidwa tsiku lomwe mwaipereka.