Kwa achimwene amene afunsa za befu la kumapiri

Achimwene, mwafunsa kuti bwanji chisamukireni kudera lokwera mukumachita befu pa mtunda womwe kale munkauthamanga uku mukucheza, komanso ngati kukhala kumeneko kukusandutseni katswiri ngati anyamata a ku Kenya. Befulo lisakudetseni nkhawa, si kufooka ayi. Koma za ukatswirizo, mtima m'malo kaye.

Anthu amakonda kunena kuti kumapiri kulibe okosijeni wokwanira. Zoona zake n'zakuti gawo la okosijeni mumpweya ndi lomwelo, magawo 21 pa 100 alionse, kaya muli m'mphepete mwa nyanja kaya pansonga pa phiri. Chimene chimasintha n'chakuti mukamakwera mpweya umapepuka, sukhala wothithikana ngati kunsi. Pa mamita 2,400, mukakoka mpweya kamodzi, okosijeni amene walowa m'mapapo amachepa ndi gawo pafupifupi limodzi mwa magawo anayi. Thupi ndiye limakalipira ngongoleyo popuma pafupipafupi ndi kugunditsa mtima mofulumira. N'chifukwa chake masiku oyamba mutu umawawa, tulo timavuta, ndipo mumangokhalira kukataya madzi.

Zosangalatsa zimachitikira ku impso. Zikazindikira kuti okosijeni wachepa m'magazi, zimatulutsa homoni yotchedwa EPO, imene imalamula m'mafupa kuti mupangidwe maselo ofiira ambiri. Maselo amenewa ndiwo amanyamula okosijeni kupita naye ku minofu. EPO imakwera m'masiku awiri oyambirira, koma kuti magaziwo achuluke moti n'kuona kusintha pamafunika milungu itatu kapena inayi, ndipo ngati ayironi ali wochepa m'thupi mwanu ntchitoyi siyenda. (Inde, ndi EPO yomwe ija ena amadzibaya mozemba n'kuletsedwa pa mipikisano. Phiri limakupatsani mwalamulo, pang'onopang'ono.)

Pali pena pamene ambiri sapaganizira. Kumtundako simungathamange liwiro lomwe mumathamanga kunsi, ndiye magazi akamapindula miyendo imakhala ikuzolowera ulesi. N'chifukwa chake mu 1997 ofufuza aŵiri, Levine ndi Stray-Gundersen, anayesa kugoneka othamanga pa mamita 2,500 koma kumawatsitsira pa mamita 1,250 kukachita maseŵera olimba. Amenewo ndi amene anafupikitsa nthawi yawo pa mpikisano wa mamita 5,000, ndipo phindu lake linali la masekondi owerengeka chabe. Kwa katswiri masekondi amenewo ndi mendulo. Kwa inu ndi ine, kugona mokwanira ndi kuthamanga mosadumphitsa milungu kungatipatse zoposa pamenepo.

Nkhani yonseyi inatchuka pa Olimpiki ya 1968 ku Mexico City, mzinda womwe uli pa mamita oposa 2,200. Naftali Temu wa ku Kenya anapambana mamita 10,000, Kip Keino mamita 1,500, Mamo Wolde wa ku Ethiopia n'kutenga marathon. Ron Clarke wa ku Australia, amene panthawiyo anali ndi rekodi ya dziko lonse pa mamita 10,000, anakomoka atangofika pamzere womaliza. Koma mpweya wopepuka womwewo unakomera a mitunda ifupiifupi ndi odumpha, ndipo ndi komweko Bob Beamon wa ku America anadumpha mamita 8.90 pa mpikisano wodumpha mtunda wautali.

Tsono kodi ndi phiri limene limapanga akatswiri a ku Iten ndi Kaptagat ku Kenya, ndi a ku Bekoji ku Ethiopia? Ine ndimati limathandiza, koma si lokhalo. Bwenzi anthu a ku La Paz ku Bolivia, amene amakhala pa mamita oposa 3,600, akusesa mamendulo onse a marathon. Kwawoko pa mpira wa miyendo ndi oopsa ndithu, Argentina inakalawa zigoli 6 kwa 1 mu 2009, koma akatsika mwayiwo umatsala kumtunda. A ku Kenya ndi Ethiopia aja anabadwira komweko, amathamanga makilomita ambirimbiri mlungu uliwonse, m'magulu, kwa zaka. Munthu wongofika ali wamkulu sangatengere zonsezo m'miyezi iwiri. Ndipo mukadzatsika, magazi owonjezera aja amabwerera mwakale pakangopita milungu yochepa.

Pakadali pano, milungu iwiri yoyamba chepetsani liwiro ndi mtunda, musalimbane ndi wotchi. Yendani ndi mmene mukupumira: ngati simungathe kulankhula chiganizo chathunthu mukuthamanga, mwapyola. Imwani madzi ambiri chifukwa mpweya wa kumtunda ndi wouma. Ngati muli ndi vuto la mtima, la mapapo kapena matenda a magazi otchedwa sickle cell, onanani ndi dokotala musanayambe zolimbitsa thupi kumeneko. Ndipo mukaona kuti mukubanika ngakhale mutangokhala pansi, mukutsokomola mosalekeza kapena mukuyenda mozandima, limenelo si befu la kuzolowera. Tsikani msanga mupite kuchipatala.