Ma freezes a galu, ndi zimene zinachitikira Tayiga

Mayi a ku Area 49, imelo yanu ndinaiwerenga Lachiwiri usiku, koma ndatha masiku atatu osaiyankha. Mwati galu wanu akungokhala wefuwefu masana ano, lilime panja, chakudya osachifuna, ndiye mukufunsa ngati mungamupangire kanthu kozizira ngati ma freezes amene ana amagula pageti la sukulu, ndiponso zoti muikemo. Kumapeto munalemba kuti bambo akunyumba akukusekani, ati galu ndi galu basi. Mawu amenewo ndi amene anandilasa mtima, chifukwa inenso ndinawalankhulapo ndi pakamwa pangapa.

Tinkakhala ku Kawale nthawi imeneyo, m'nyumba ya lendi. Achimwene anga anatibweretsera kamwana kagalu kuchokera ku Mitundu, kofiirira, makutu ali njo, ndipo mwana wanga woyamba anakatcha Tayiga. Atakula pang'ono, aneba anatilangiza kuti galu akamaona anthu masana amazolowera, usiku wakuba akabwera amangomugwedezera mchira. Anati timutsekere kuyambira m'mawa mpaka kutada kuti akhale waukali. Tinamvera. Tinakhoma kakhola ka malata akale kuseri kwa nyumba, pafupi ndi bafa, kakafupi koti Tayiga ankangokwanamo kutembenuka. Madzi tinkamuikira m'chitini cha mkaka. Mwana akadandaula kuti Tayiga akulira, ine ndinkayankha kuti musiye, galu ndi galu basi, azolowera.

Unali mwezi wa Okutobala. Amene mumakhala mu Lilongwe muno mukuudziwa mwezi umenewu: fumbi lili kobo, mitengo ya jakaranda yachita maluwa, dzuwa likuswa mtengo nthawi isanakwane n'komwe 10 koloko. Tsiku limenelo madzi anali atasiya pampopi, choncho ndinamuthirira pang'ono chabe m'chitini muja poopa kutha a m'ndowa. Ndinakwera minibasi kupita kumsika wa Lizulu kukaoda tomato. Pobwerera cha m'ma 3 koloko, pakhomo panali zii. Masiku onse ankati akamva geti amakanda lata ndi zikhadabo. Nditatsekula ndinamupeza ali thasa, malovu ali chuchuchu, nkhama zitafiira kwambiri, chitini chitagubuduzika kalekale. Mpweya umene unatuluka m'kakhola muja unandiwomba kumaso ngati ndatsekula uvuni. Ndinamukokera panja, ndinamuthira madzi onse a m'ndowa aja amene ndinkaumira m'mawa, ndinathamanga kukafuna galimoto. Pamene ndimabwerera n'kuti atatsirizika. Mwana wanga anamukwirira yekha pansi pa mtengo wa papaya, ndipo anatha sabata osandilankhula bwinobwino.

Patapita nthawi dokotala wina wa ziweto anandifotokozera zimene ndikanayenera kudziwa kale. Ife tikatenthedwa timatuluka thukuta thupi lonse, mphepo ikatiwomba timazizidwa. Galu alibe mwayi umenewo. Thukuta lake limatuluka pang'ono chabe kumapazi, ndipo njira yake yeniyeni yodziziziritsira ndi kupuma wefuwefu kuja, chinyezi cha palilime ndi kukhosi chikamauma n'kumachotsa kutentha. Thupi lake limakhala pa madigiri 38 kapena 39 ali bwinobwino. Likapitirira 41, impso, chiwindi ndi ubongo zimayamba kuwonongeka. Tsono taganizani: kunja kuno mu Okutobala ndi Novembala kutentha kumadutsa madigiri 30 kawirikawiri, ndiye m'kati mwa malata otsekedwa, mopanda mphepo, galu akupuma mpweya wotentha womwe watulutsa. Wefuwefu uja sathandizanso kanthu.

N'chifukwa chake ndinena mosapsatira: kutsekera galu m'kakhola ka malata masana ndi nkhanza. Kale ndinkati ndi umbuli chabe, ndinkati anthu akauzidwa asintha. Pano sindikuonanso choncho, chifukwa lata limenelo aliyense amalidziwa. Palibe amene angagoneke mwana wake m'menemo ngakhale kwa mphindi khumi. Ena amafika pothira tsabola m'chakudya kuti galu aluse. Galu wotere salusira wakuba yekha, amalusira aliyense, ndipo tsiku limene adzapulumuke adzaluma mwana wa aneba kapena wanu yemwe. Galu amene amalondera bwino ndi amene amawadziwa anthu a pakhomo pake mmodzimmodzi, ndiye akamva phazi lachilendo usiku amadziwiratu kuti uyu si wathu. Simba amene ndili naye pano amasewera ndi ana masana onse, koma usiku palibe amene amayandikira mpanda iye osauwa.

Ndikakumbuka kumudzi kwa agogo, agalu analibe makhola koma sindinamvepo woti wafa ndi dzuwa. Masana galu ankakumba kadzenje pansi pa nkhokwe kapena patsinde pa mango, n'kugoneka mimba padothi lozizira lija mpaka dzuwa litapendeka. Ankadzisamalira yekha chifukwa anali ndi poti n'kusankha. M'tauni muno tadula mitengo, bwalo lonse tathira simenti, tazungulira ndi mpanda wa njerwa wotchinga mphepo, kenako tamumangirira galu patcheni pamalo amodzi. Simenti ya masana imawotcha mapazi ake. Yesani kuikapo kuseri kwa dzanja lanu, mukalephera kupirira, dziwani kuti iyenso akupsa. Ndipo poti tikukamba za chisamaliro, mayi, katemera wa chiwewe anabayitsa chaka chino? A LSPCA, bungwe losamalira nyama la mu Lilongwe muno, komanso a zaziweto a boma amabaya, ndipo pa 28 Seputembala chaka chilichonse dziko lonse limakumbukira za matenda amenewa. Chiwewe chikangoyamba kuonetsa zizindikiro, kaya pa galu kaya pa munthu, sichichizika.

Galu wanuyo kusadya masana kokha kusakudetseni nkhawa kwambiri ngati madzulo kukazizira akudya. Muzimupatsa nsima yake ya gaga m'mamawa ndi madzulo. Koma mukaona akudzandira, akusanza, nkhama zafiira kapena zatuwa, pamenepo si pa ma freezes ayi. Mupititseni pamthunzi, mumuthire madzi ozizira thupi lonse makamaka kumimba ndi m'mphechepeche, mumukupize, ndipo muthamangire naye kwa dokotala wa ziweto ngakhale ataoneka ngati watsitsimuka.

Tsono za ma freezes

Inde, mupangireni, ndipo musachite nazo manyazi. Ine ndimapanga mitundu itatu yokha. Wophweka kwambiri ndi msuzi: ndikamaphika nkhuku kapena nyama, ndimatapako msuzi ndisanathire mchere, anyezi ndi tomato, ndimausefa kuti pasatsale kafupa, ndimausungunula ndi madzi, kenako m'timakontena ta majarini n'kuika mufiriji usiku wonse. Nthawi zina ndimaponyamo tibonya tiwiri titatu totsukidwa bwino kuti mchere uchoke. Wachiwiri ndi nthochi imodzi yakupsa yokanyakanya, kusakaniza ndi masipuni atatu a chambiko chopanda shuga. Mkaka wamba umatsekula m'mimba agalu ambiri, chambiko ndiye chimawayanjako, komabe yambani ndi pang'ono muone mawa lake. Wachitatu ndi wa chipatso chimene chilipo: vwende lochotsa njere ndi khungu, papaya, mango wochotsa chikoko, ngakhale dzungu kapena mbatata yophika. Kukanya, kuthira madzi, kuumitsa, basi.

Chiponde agalu amachikonda zedi, ndipo sipuni yaing'ono m'nthochi muja imakwana. Ngati mukusinja nokha, sankhani mtedza bwino, wachuku utayidwe, chifukwa poizoni wa chuku amawononga chiwindi cha galu msanga. Ngati ndi chogula, werengani pabotolo: chikakhala ndi xylitol, chotsekemeretsa cholowa m'malo mwa shuga, chisiyeni, ameneyu amagwetsa shuga wa m'magazi a galu ndipo amapha. Musaikemonso chokoleti, mphesa zaziwisi kapena zouma, anyezi, adyo, khofi, kapena mtedza wa makademiya umene umalimidwa ku Thyolo ndi ku Ntchisi uja. Mafupa ophika nawo ayi, amasweka n'kukhala zisonga. Ma freezes enieni a ana aja ndi shuga ndi utoto, ndipo choopsa kwambiri ndi pulasitiki yake, galu amameza ndi jumbo yomwe. N'chifukwa chake sindimangira m'timapepala kapena kuikamo kamtengo. Ndimaviika kontena m'madzi pang'ono, chibulumwa chija chimavutuka chokha, ndimachiika m'mbale pamthunzi.

Pangani chachikulu choti azinyambita. Tizidutswa ting'onoting'ono tolimba amangotitafuna, ndipo tingathe kuthyola dzino kapena kumutsamwa. Chimodzi patsiku ndi chokwanira, zokometsera zoterezi zisapose gawo limodzi mwa magawo khumi a chakudya chake. Magetsi akazima nthawi yaitali, za msuzi zikasungunuka n'kufunda, tayani, musaziumitsenso. Masiku otero ndimangonyowetsa chiguduli n'kuchiyala pakhonde, ndi kudzaza beseni lalikulu la madzi, lolemera loti sangaligubuduze. Mabeseni ndili nawo awiri, lina kumaso kwa nyumba lina kuseri, ndipo sindituluka pageti ndisanawasuzumire onse.

Simba chibulumwa chake amalandira cha m'ma 1 koloko. Amachigwira ndi miyendo yakutsogolo, amachinyambita mwina mphindi makumi awiri, kenako amakagona m'kadzenje kamene anakumba pansi pa mtengo wa gwafa. Kadzenje kameneko ndinawauza ana kuti asakakwirire.