Tavota kangapo, nanga bwanji mpopi ukadali wouma?

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa mayi wina wa ku Ndirande amene amagulitsa tomato ndi anyezi pamsika. Akuti anawalembera ndi mwana wawo pafoni. Funso lawo, ndikalifupikitsa, ndi ili: "Achimwene, ndakhala ndikuvota kuyambira 2009. Maboma asintha, koma kwathu madzi amatuluka pakati pa usiku, zinyalala zangoti mbwee, chiphaso cha pamsika ndikudula tsiku ndi tsiku. Kodi boma lingakonzedi moyo wathu, kapena tingovomereza kuti dziko lathu ndi losauka?"

Mayi, zoti ndife osauka sindikukanirani. Koma ine ndikamayenda mu Blantyre muno, chomwe chimandiwawa kwambiri ndi kuchuluka kwa zinthu zimene tinali nazo kale, tinazilipira, kenako n'kuzilekerera kuti zife. Boma lathu, posatengera chipani, limadziwa kumanga. Kusamala chomangidwacho ndiye kumatikanika, chifukwa pokonza paipi yophulika sipabwera gule, sipagawidwa nsalu, palibe wodula riboni.

Tiyambe ndi mpopi wanuwo. Madzi ambiri amene timamwa mumzinda muno satuluka pafupi ayi. A Blantyre Water Board amawapopa mu Shire, pa Walker's Ferry, mtunda wa makilomita pafupifupi 40, n'kuwakwezera kumtunda kuno mamita pafupifupi 800. Damu la Mudi limangothandizira pang'ono, ndipo ngakhale paipi ya ku Likhubula ku Mulanje inabwera kudzawonjezera, msana wa zonse ukadali Shire. Taganizani kusenza chigubu cha malita 20 kuchokera kumsika kukafika nacho pamwamba pa phiri la Ndirande. Ntchito imeneyo makina amaigwira usana ndi usiku, ndipo chakudya chawo ndi magetsi. N'chifukwa chake magetsi akathima, mawa lake mpopi umangotulutsa mphepo. Ndipo madzi akachepa m'mapaipi amayamba akhuta ndi okhala kumunsi. Inu a kumtunda amakufikirani anzanu akagona.

Magetsiwo nawo ambiri amachokera mu Shire momwemo: Nkula, Tedzani, Kapichira. Mu Januwale 2022 namondwe Ana ataononga Kapichira, dziko linataya mamegawati pafupifupi 130 tsiku limodzi, ndipo zinatenga chaka ndi miyezi kuti makinawo ayambenso. Mukukumbuka mmene zinalili. Wowotcherera wa pa Ndirande ankagona pashopu kudikira magetsi a usiku, wometa anakweza mtengo chifukwa cha jenereta, pachigayo mzere unkafika kumsewu. Anthu amenewo ndiwo amagula tomato wanu. Akapanda kupeza ndalama, wanuyo amaolera pabenchi. Akuluakulu akamanena za "chuma cha dziko" pawailesi, kwa ine chimayambira pamenepo, pamzere wa pachigayo uja.

Ndikuuzeni zimene ndinaona pafupi ndi kwathu. Paipi inaphulika m'mbali mwa msewu, madzi oyera bwinobwino n'kumathamanga mungalande. Ana ankasambamo, amayi ankachapa pomwepo, wina mpaka anabzala mpiru m'mphepete. Tinakanena kuofesi ina yoyenera, anatilemba m'buku, n'kutiuza kuti galimoto ilibe mafuta. Panatha masabata atatu. Nthawi yonseyo, nyumba za kumtunda kwathu zinali kugula madzi pa kiyosiki. Madzi otayikawo anali atapopedwa kale kuchokera ku Shire, magetsi ake atalipiridwa kale. Pamenepo umphawi wa dziko unalibe mlandu. Panasowa munthu woti akadzudzulidwe paipiyo ikapanda kukonzedwa.

Tsono apa ndi pamene ndikufuna tikhalitse, chifukwa ambirife timagogoda pakhomo lolakwika. Zinyalala za pamsika, zimbudzi za pamsika, ngalande, misewu ya m'makwalala, magetsi a mumsewu, kuloleza kapena kuletsa kumanga: zonsezi mwini wake ndi khonsolo ya mzinda, ija ili ku Civic Centre ku Chichiri. Si Pulezidenti, si phungu. Phungu ntchito yake ndi kupanga malamulo, kuvomereza ndondomeko ya chuma ndi kufunsa nduna mafunso ku Lilongwe. Koma ife tinamusandutsa wogula mabokosi a maliro, ndipo khansala, amene ndiye wa zinyalala zathu, ambiri sitimudziwa ngakhale dzina.

Sikuti ndife opusa. Tinazolowezedwa. Lamulo la maboma aang'ono linabwera mu 1998, makhansala oyamba tinawasankha mu 2000, koma nthawi yawo itatha mu 2005 dziko linakhala opanda makhansala mpaka 2014. Zaka zisanu ndi zinayi! Mwana wobadwa nthawi imeneyo anafika sitandade 4 asanaonepo khansala. M'zaka zomwezo, mu 2006, kunayamba thumba la chitukuko cha m'madera a aphungu, lija timangoti CDF, ndipo anthu anaphunzira kuti chitukuko chimachokera m'thumba la "abwana". Mphamvu zinapita kwa anthu pa pepala, koma chikwama chinatsalira ku likulu.

Za chiphaso chanu. Khonsolo imadalira kwambiri ndalama zotolera yokha: msonkho wa nyumba ndi malo, malaisensi a bizinesi, ndi zomwe mumadula inuzo. Kalembera wa 2018 anapeza anthu oposa 800,000 mumzinda muno, ndipo ochuluka amakhala m'madera osakonzedwa bwino ngati Ndirande, Bangwe, Mbayani ndi Chilobwe, kumene galimoto ya zinyalala singalowe n'komwe m'tinjira tina. Ndiye zoti ndalama n'zosakwana ndi zoona. Komabe funso lanu silifa. Msika wanuwo umatolera zingati pa mwezi? Mwa zimenezo, zingati zimabwerera kudzakolopa chimbudzi ndi kunyamula zinyalala kupita kumtaya wa ku Mzedi? Mayi wogulitsa tomato amadziwa pamtima kuti wapikula zingati, wagulitsa zingati, watsala ndi zingati. Palibe chifukwa choti ofesi yokhala ndi makompyuta ilephere kumata chiwerengero chomwecho pachipata cha msika.

Ndikudziwa kuti wina anena kuti, "Ndalamazo amangoba." Kuba kulipo, tonse tinaona Cashgate mu 2013, pamene mabiliyoni anatuluka m'boma kulipira makampani amene sanagwire ntchito iliyonse, mpaka mayiko otithandiza anasiya kuika ndalama mwachindunji m'bajeti yathu. Koma taonani mmene zinkabedwera: ankalemba malipiro mu kompyuta, cheke n'kutuluka, kenako n'kufufuta. Wakuba wa m'boma saopa kutukwanidwa pa Facebook. Amaopa pepala limene anthu ambiri aliona.

Ndipo kulekerera kumapha, osati mwafanizo. Mu Malichi 2023 namondwe Freddy atagwetsa matope kuchokera m'phiri la Soche, ku Chilobwe kunafa anthu ambiri m'nyumba zomangidwa pamalo amene aliyense ankadziwa kuti ndi oopsa. Mvula sitingailetse. Koma kupeza malo abwino otchipa oti wosauka amangepo, kuteteza mitengo ya m'phiri, kutsegula ngalande mvula isanayambe, imeneyo ndi ntchito ya boma ya masiku opanda namondwe. Kolera ya 2022 mpaka 2023, imene inachedwetsa kutsegulira sukulu muno ndi ku Lilongwe, nayonso inayenda m'njira yomweyo ya madzi akuda ndi zimbudzi zosefukira. (Osaiwala kuti mzinda waukulu chonchi ulibe chipatala cha boma laling'ono, zonse zimathera ku Queens. Imeneyo ndi nkhani ya tsiku lina.)

Nanga inu mungatani, poti mwana wosalira amafera mumbereko? Sindikuuzani kuti musiye benchi muzikayenda ndi zikwangwani. Tili ndi lamulo lopatsa nzika ufulu wopeza uthenga ku maofesi a boma. Linavomerezedwa mu 2017, n'kuyamba kugwira ntchito pa 30 Seputembala 2020, ndipo amaliyang'anira ndi a bungwe loona za ufulu wa anthu la Malawi Human Rights Commission. Ndi lanu lamulo limenelo, si la atolankhani okha. Komiti ya pamsika wanu ikhoza kulemba kalata yofunsa ndalama zimene msikawo watolera m'miyezi isanu ndi umodzi yapitayi ndi mmene zagwirira ntchito. Akakana popanda chifukwa, kuliko kokadandaula: ku bungwe ndatchulalo, kapena kwa Ombudsman, amene ntchito yake ndi kumva madandaulo a anthu ochitiridwa zosalungama ndi maofesi a boma, ndipo salipiritsa.

Kodi kalata imodzi idzatulutsa madzi pampopi? Ayi. Za Walker's Ferry, za magetsi, za kwacha imene inagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023 n'kukweza mtengo wa chilichonse chochokera kunja, kuphatikizapo mapaipi ndi mankhwala otsukira madzi, zimenezo n'zofunika boma lalikulu ndi zaka zingapo. Pa zimenezo chida chanu ndi voti, ndipo wodzapempha votiyo muzimufunsa zimene adzakonze mwa zomwe zilipo kale, asanayambe kukuwerengerani zatsopano. Koma mulu wa zinyalala uli kuseri kwa benchi lanuwo ndi wa msinkhu wathu.

Ndiye chitani chonchi. Kalatayo ikhale yaifupi, ya funso limodzi. Asainire anthu ambiri, osati wapampando yekha, kuti pasapezeke woti amuloze chala. Mupange ziwiri, ina akudindireni tsiku lolandira, mubwere nayo. Khansala wanu mumupatse yake m'manja, pamaso pa anthu. Ndondomeko ya chuma ya boma masiku ano imayamba pa 1 Epulo, choncho musadikire kuti miyezi ya Januwale ndi Febuluwale, pamene ndondomekoyo imakhala ikukonzedwa, idutse. Akakuyankhani, kapena akangoti zii, muuze mwana wanu uja ajambule kalata yodindidwayo anditumizire, ndidzaiika pano.