Asisi ofunsa zogulitsa puloti kuti bambo a kunyumba apite ku Joni

Asisi inu mwati bambo a kunyumba akufuna mugulitse puloti yanu ya ku Mchengautuwa ku Mzuzu kuti apeze ya pasipoti ndi thiransipoti ya ku Joni, ndiye mukufunsa kuti mulole kapena ayi. Ndaona ena akungoti asiyeni apite ndalama zili konko, ena akuti akakwatirako Mzulu, koma palibe amene wakuuzani za masiku 30 pomwe nkhani yonse yagona pamenepo. Ine ndinapita 2012 nkubwerako 2019, pano ndili pa Luwinga pompa, ndiye mundipirire nditalikitsa.

Mmalawi ukamalowa mu South Africa pa boda ya Beitbridge amakudindira masiku osapitirira 30 ngati mlendo wokacheza basi, chidindo chimenecho sichilola kugwira ntchito. Pemiti ya ntchito kwa munthu ngati ine wolekezera Fomu 2 ingoiwalani. Ndiye mwezi umatha usanadziwe nkomwe kaimitsidwe ka taxi ndi zala, tsiku la 31 wasanduka munthu wopanda mapepala. Kuyambira 2014 lamulo lawo likuti ukapyoletsa masiku amakuletsa kulowanso, chaka chimodzi ngati wapyoletsa osafika mwezi, zaka 5 ngati wadutsa pamenepo. Ine anandipatsa za 5 zomwezo potuluka. Nchifukwa chake mumaona munthu mayi ake amwalira ku Euthini iye kungotumiza ya bokosi osabwera, anthu nkumati ndi wouma mtima, ayi ndithu, akudziwa kuti akatuluka basi ntchito yathera pomwepo.

Ndipo kupanda mapepala sikuti vuto ndi kuthawa apolisi kokha ayi. Akaunti ya ku banki kutsegula nkovuta, ndalama umasunga mu sokosi, akuba nawo amadziwa zimenezo. Ine ndinaponyapo matope masabata atatu pa nyumba ina, kufika tsiku lolandira foromani kungondiseka amvekere pita ukandisumire ku polisi. Ndikanapita kuti? Wosumayo ndi amene akanathera ku Lindela, kuja ku Krugersdorp amasungirako anthu odikira kubwezedwa kwawo. Ndinangomeza malovu nkubwerera ku kamkuku kanga ka malata komwe timagona anthu anayi kuti renti ichepe. Komanso samalani ndi aja amati bweretsa pasipoti ndikakudinditsire masiku uli khale, zidindo zina zimakhala zabodza, umadzazindikira uli kale pa kauntala ya pa boda.

Za zipolowe ndinaziona ndi maso mu Epulo 2015 ndili ku Durban. Anthu tinathawira ku kampu ya ku Isipingo, kugona m'matenti, ena anakwera mabasi amene boma lathu linatumiza nkukatsikira ku Blantyre ndi kajumbo kokha m'manja. Koma ndinene chilungamo, amene anandisungira katundu wanga nthawi imeneyo anali gogo wina wachizulu woyandikana naye, mpaka kundibweretsera buledi. Si onse amakutchula kwerekwere, dzina lija lonyozera obwera. Chimene chinandisintha nchakuti pano ndikamva munthu pa Taifa Market akunyoza Mtaifa woti akungogulitsa zitenje zake, kapena mmene ena ankaombera m'manja mu 2023 pamene Maburundi ankawatola m'matauni kuwabwezera ku Dzaleka mashopu awo nkutsala otseka, m'mimba mumanditentha, chifukwa mawu ake ndi omwe aja ankatinena ife, akutilanda ntchito, akutilanda bizinesi. Koma iyo ndi nkhani ina.

Mwina bambowo akuona nyumba za malata ku Jenda ndi ku Embangweni, magalimoto a manambala a GP a ku Joni mu Disembala ali mbwee pa Katoto, ndiye mtima uli m'mwamba. Sindingawanene, zimenezo nzoona, ndalama za ku Joni zamanga Mzimba kuyambira kale. Agogo anga anapita ndi Wenela, bungwe lija linkalemba anthu ntchito ya ku migodi, kungoti iwo amapita ndi kontirakiti, ikatha nkuwabweza kwawo, mpaka ndege ija inagwa ku Francistown mu 1974 nkupha anthu athu oposa 70 Kamuzu nkuimitsa Wenelayo. Pano aliyense amangodziyendera payekha. Ndipo amene amabwera ndi galimoto ndi amene timawaona, matchona amene akuchita manyazi kubwera chimanjamanja sajambulitsa pa Facebook.

Ndiye ine yankho langa, kupita apite ngati mtima watsimikiza, munthu wamkulu simungamumange mwendo, koma puloti ayi. Puloti ija ndi pofikira zikakanika. Mnzanga wina tinkagona mkuku umodzi anagulitsa malo ake ku Zolozolo, anamugwira asanathe miyezi 6, pano akuchita lendi kachipinda kamodzi ku Chibavi ndipo malo aja mtengo wake lero sangaufikirenso. Gulitsani zina, wailesi, mbuzi za kumudzi, kapena lowani chipereganyu adikire miyezi ingapo, Joni sathawa. Ndalama yobwerera ikhale padera musanayambe kuwerengera yopitira, ndipo isungidwe ndi inu kuno osati iwo, chifukwa njira ija kudutsa Mwanza, Tete, Nyamapanda mpaka Musina paliponse pamafuna kenakake ndipo thumba limafika litapepuka. Mugwirizane kuti mwezi uliwonse azitumiza pa Mukuru olo zochepa, asamadikire kuti zichuluke kaye, sizichuluka. Akangofika alowe gulu la a kwathu losonkherana za maliro, ndanena poyera pepani, koma kubweretsa thupi kuchokera kumeneko ndi ndalama zoti banja limodzi silingakwanitse, taonapo anzathu akuikidwa konko abale kungoonera pa foni.

Chomaliza afunseni kuti akukafikira kwa ndani. Osati zoti kuli anyamata akwathu ambiri, ayi, dzina, dera lake komanso ntchito imene munthuyo akugwira. Mutenge nambala muimbe nokha pa WhatsApp ya vidiyo, akuonetseni pogona pake ndipo anene ndi pakamwa pake kuti awasunga mpaka apeze ganyu. Ine amene anandilonjeza kuti akandichingamira pa Park Station, potsikira mabasi ku Joni, anazimitsa foni, ndinagona pa benchi masiku awiri chikwama nditachimangirira kumwendo.