Funsani Tikuyankheni: Kodi vesti ya chipolopolo ingaletsenso mpeni?

FUNSO

Akonzi, ine ndine mlonda, ndimagwira shifiti ya usiku pa geti ya nyumba yosungiramo katundu. Mwezi wathawu mnzanga amene timasinthana naye anabayidwa pamimba ndi anyamata omwe analumpha mpanda, mwamwayi ali moyo koma mpaka pano ali kunyumba sakugwira ntchito. Chichitikireni zimenezo mtima wanga sukukhala m'malo. Nde pali munthu wina akufuna kundigulitsa vesti yovalidwapo kale, akuti ndi ya chipolopolo, ndipo akuti chinthu choti chimaletsa chipolopolo mpeni sungachite kanthu. Kodi ndi zoona zimenezi? Ndigule?

Mlonda wa nkhawa

YANKHO

Achimwene, pepani kwambiri ndi za mnzanuyo, tikumufunira kuchira msanga. Koma vestiyo musagule kaye, chifukwa zomwe akukuuzanizo si zoona, ndipo bodza lake ndi loopsa poti pomva limamveka ngati nzeru.

Zoona chipolopolo chimabwera ndi mphamvu yoposa ya mkono wa munthu kutalitali, koma mutu wake nthawi zambiri umakhala wobulungira ndipo chikagunda chinthu cholimba chimaphwatalala. Vesti yofewa ya chipolopolo imakhala nsalu zambirimbiri zosanjikiza, zolukidwa ndi ulusi wolimba ngati wa Kevlar, uja anautulukira mayi Stephanie Kwolek ku kampani ya DuPont mu 1965, kapena wa Twaron kapena Dyneema. Ulusiwu kulimba kwake kuli pokoka, sulola kuduka ukamakokedwa. Ndiye chipolopolo chikafika chimakodwa ngati mpira mu ukonde wa pagolo, ulusi umakokana wokhawokha mphamvu ija n'kumwazikira malo aakulu, basi chaima.

Mpeni suchita choncho. Mphamvu yake ndi yochepa inde koma yonse imathera pa kansonga kakang'ono kwambiri, ndipo kuseri kwa nsongako kuli kukamwa kwakuthwa komwe kumadula ulusi umodziumodzi pamene mkono ukupitiriza kukankha. Ukonde umagwira mpira koma lumo limaudula bwinobwino. Ndipo pali china choipa kuposa mpeni chomwe anthu saganizirako, zinthu zosongoka zopanda kukamwa, monga sikuludiraiva yonoledwa, msomali wautali kapena waya wokhuthala wosongola. Izi sizidula n'komwe, zimangokankhira ulusi uku ndi uku n'kudutsa pakati, mmene singano imalowera pa nsalu osaing'amba. Nde mutha kuvala vesti ya chipolopolo yabwinobwino munthu n'kukubayani ndi sikuludiraiva ikalowa.

Vesti yopangidwira mpeni amaikonza mwina. Ena amatenga ulusi womwewo n'kuuluka mothinana kwambiri kuti pasakhale kampata koti nsonga ilowepo, kenako amaumata ndi pulasitiki yopyapyala kuti ulusiwo usamasunthe, ndiye nsonga ikafika imakanika kupatula ulusi ndipo nsalu iliyonse yomwe yaboola imaidyera mphamvu mpaka kuima isanafike pa khungu. Ena amaika nsalu ya timphete tachitsulo tolumikizana, ngati magolovesi achitsulo omwe odula nyama amavala, mpeni ukalowa nsonga imakodwa mu kamphete ndipo kukamwa kwake sikungadule chitsulo. Koma onani, timphete patokha tili ndi mabowo, chinthu chowonda kwambiri chitha kupyola, n'chifukwa chake kumbuyo kwake amaikako nsalu zina. Palinso za timapuleti tachitsulo kapena ta pulasitiki yolimba tosanjikizana ngati mamba a nsomba, izi zimateteza bwino koma zimauma thupi, kuwerama kumavuta. Ndipo zilipo zomwe amaziphatikiza kuti ziletse zonse, chipolopolo ndi mpeni, koma zimenezo zimalembedwa momveka kuti zinayesedwa pa zonse ziwiri, si zongoganizira ayi.

Apa pa kuyesa ndi pomwe ndikufuna muwerenge mofatsa chifukwa ndi pomwe mungagwirire wogulitsa wabodza. Ku America kuli bungwe la boma la NIJ lomwe mu 2000 linatulutsa muyezo wa mavesti a mpeni wotchedwa 0115.00, ndipo linaukonza mothandizana ndi akatswiri a ku Britain, dziko lomwe apolisi ake ambiri sayenda ndi mfuti ndipo chomwe amakumana nacho kawirikawiri ndi mpeni. Poyesa amamangirira mpeni ku chinthu cholemera n'kuchigwetsa kuchokera m'mwamba kuti chibaye vesti yomwe yagonekedwa pa siponji, kenako amayeza kuti nsonga yatulukira kuseri motalika bwanji. Mphamvu yake amaiwerenga mu ma joule. Gawo loyamba ndi ma joule 24, lachiwiri 33, lachitatu 43. Kuti mumve kukula kwake, ma joule 24 ndi ngati chinthu cha makilo awiri ndi theka chagwa kuchokera mita imodzi, zikumveka zochepa eti, koma ganizirani kulemera konseko kukuthera pa nsonga ya mpeni. Pa mphamvu imeneyi nsonga siyenera kutulukira kuposa mamilimita 7. Kenako amaonjezera mphamvu ndi theka, kufika 36, 50 ndi 65, ndipo apo malire ake ndi mamilimita 20.

Mwaona? Ngakhale vesti yokhoza mayeso imaloledwa kuti kansonga katulukire pang'ono, anasankha mamilimita 7 poona kuti pamenepo n'kovuta kuti ziwalo za m'kati zivulale. Ndiye mutha kuchekeka khungu, mutha kutupa kapena kumva kuwawa nthiti chifukwa kumenya kwa mkono kumafikabe pathupi, koma chiwindi ndi mapapo zapulumuka. Palibe vesti yoti mpeni sungaiboole zivute zitani, aliyense wokuuzani choncho akufuna ndalama zanu basi.

Pa za ku Britain mudzaona zilembo KR ndi SP. KR1 kapena KR2 ndi za mpeni, SP1 kapena SP2 ndi za zosongoka zija. Za SP zimafunika kwambiri kwa oyang'anira ndende poti akaidi zida zawo zimakhala zonola okha, koma inenso kwa mlonda ngati inu ndingakonde ya zonse ziwiri, KR ndi SP, chifukwa wakuba wothyola maloko nthawi zambiri m'thumba mwake mumakhala sikuludiraiva. Tsegulani chikwama cha vestiyo, kutanthauza nsalu yakunja yomwe imakuta zotetezazo, mutulutse chophathalala cha m'katicho, lebulo yeniyeni imakhala pamenepo, dzina la kampani, muyezo, gawo lake, tsiku lopangira, komanso mbali yomwe iyenera kuyang'ana kuthupi. Ngati palembedwa za chipolopolo zokha monga IIIA, imeneyo si ya mpeni. Ngati lebulo yafufutika kapena palibe, isiyeni ndithu. Chenjeraninso ndi malaya ndi majuzi omwe amati sachekeka, amenewo amathandiza munthu akakutemani mokhwekhwereza koma kubaya ndi nkhani ina.

Kuvalidwapo kale nakonso kukundidetsa nkhawa. Makampani ambiri amapereka chitsimikizo cha zaka 5, ndipo ulusi ngati wa Kevlar umafooka ndi dzuwa ndi chinyezi, nanga inu mudziwa bwanji kuti mwini wake woyamba ankaisunga motani, kaya inanyowapo kangati, kaya inabayidwapo kale. Vesti yoti yabayidwapo kamodzi ntchito yake yatha, ngakhale bowo lisakuoneka bwino.

Chomwe chimandiopsa kwambiri ine ndi mtima womwe vesti imapatsa munthu. Imaphimba chifuwa, msana ndi mimba, zina ndi m'mbali momwe, koma khosi lili pamtunda, m'khwapa muli pamtunda, mikono, m'mphechepeche ndi ntchafu chimodzimodzi, ndipo monsemo mumadutsa mitsempha ikuluikulu yoti ikaduka munthu amatha magazi m'mphindi zochepa. Ndiye mukaivala musayambe kuthamangira munthu wa mpeni kuti mumugwire ndi manja. Khalani patali, ikani chitseko kapena geti pakati panu, imbani wezulo, itanani thandizo. Ndipo nkhaniyi musaisenze nokha, khalani pansi ndi anzanu mukalankhule ndi mabwana anu, mnzanu wavulala kale pa geti yomweyo, zida zotetezera antchito si zoti mlonda azisaka yekha kwa munthu wa mumsewu.

FUNSO

Ine ndine mayi, ndimagwira ntchito ya chitetezo pa khomo la sitolo yaikulu ndipo anatipatsa mavesti a mpeni. Vuto langa ndi loti yanga ndi yaikulu, ndikakhala pansi imakwera mpaka kukhosi, komanso imatentha moti imanunkha thukuta. Kodi ndingaichape ndi zovala zina? Nanga ndikachotsako chophathalala cha kumsana kuti ipepuke pali vuto?

Mayi wa pa khomo

YANKHO

Achemwali, cha kumsanacho chisiyeni momwemo chonde, munthu wobaya sasankha kuti akupezeni kutsogolo, ndipo pa khomo la sitolo anthu amakudutsani kumbuyo tsiku lonse.

Pochapa patulani ziwiri. Chikwama chakunjacho chapani monga mwa lebulo yake, chiume bwinobwino musanabwezeretse. Koma zophathalala za m'katizo sizilowa mu beseni kapena mu mashini, musazithire bulichi, musazisite, musaziyanike padzuwa, ingopukutani ndi kansalu konyowa pang'ono ndi kasopo kochepa n'kuzisiya ziume pamthunzi. Pobwezeretsa onetsetsani kuti mbali yolembedwa kuti ya kuthupi yayang'anadi kuthupi, chifukwa zina nsalu zake anazisanja motsatana ndipo mukazitembenuza sizigwira ntchito mmene anaziyesera. Posunga igonekeni chogona, osaipinda kapena kuiunjikira katundu pamwamba. Pa thukuta valani kamalaya kopyapyala m'kati koti muzisintha tsiku ndi tsiku, ndipo ngati zingatheke pemphani chikwama chachiwiri kuti china chikamauma china muzivala.

Koma zoti ikukwera kukhosi musazipirire, imeneyo si saizi yanu. Vesti yoyenera imathera cha pa mchombo kuti mukakhala isagunde lamba n'kukankhidwira m'mwamba, ndipo m'mbali isasiye mpata waukulu. Yaikulu imagwedera, imatseguka m'khwapa pomwe pali pafupi ndi mapapo ndi mtima. Alipo mavesti osokedwa motsata thupi la mzimayi, ndiye pitani kwa amene anakupatsaniyo, muivale pamaso pake, mukhale pampando aone yekha mmene ikukwerera, kenako mupemphe kuti akuyezeni akupatseni ina.