Tonse Timalemberana M'Chingerezi, Nanga Tikusemphana Pati?

Funso: Kampani yathu imagula zipangizo ku Germany, China ndi America. Timalemberana m'Chingerezi, koma katundu amafika mochedwa kapena wosakwana, ndipo aliyense amati wachita zomwe tinagwirizana. Kodi vuto ndi Chingerezi chathu?

Yankho: Mwina ayi. Galamala yopotoka siigwetsa malonda kawirikawiri. Chimene chimapweteka ndi mawu ndi manambala amene aliyense akuganiza kuti wawamva bwino.

Yambani ndi madeti. Mukalemba 03/04/2025, wa ku America awerenga 4 Malichi, wa ku Germany awerenga 3 Epulo. Mwezi wathunthu wapita pamenepo. Lembani dzina la mwezi, kapena tsatirani ndondomeko ya ISO 8601 yoyamba ndi chaka: 2025-04-03. Manambala nawo ali ndi msampha wake. Ku Germany 1.500 ndi chikwi chimodzi ndi mazana asanu, pomwe 1,5 ndi chimodzi ndi theka. Tani ya ku America ndi makilogalamu pafupifupi 907, osati 1,000, ndipo galoni yawo ndi malita 3.785 pamene ya ku Britain ndi 4.546. Lembani makilogalamu ndi malita basi.

Koma pamene pamatayika ndalama zambiri ndi pa nkhani ya kupereka katundu. Musadalire mawu wamba. Gwiritsani ntchito Incoterms 2020, malamulo 11 a bungwe la zamalonda la International Chamber of Commerce onena udindo wa wogula ndi wogulitsa potumiza katundu, ndipo tchulani malo, mwachitsanzo "FCA Shanghai, Incoterms 2020" (pa lamulo la FCA, chiwopsezo chimachoka kwa wogulitsa akapereka katundu kwa onyamula pamalo otchulidwawo). Ambiri amapusitsidwa ndi lamulo lina mwa amenewa, lotchedwa CIF. Wogulitsa amalipira sitima ndi inshuwalansi mpaka doko lofikira, inde, koma katundu akangokwezedwa m'sitima ku doko lonyamukira, chiwopsezo chonse chili pa inu. Akawonongeka panyanja, wothamanga ndi a inshuwalansi ndinu. Katundu wa m'makontena, FCA imaposa FOB (lamulo limene chiwopsezo chimachoka kwa wogulitsa katundu akakwezedwa m'sitima), chifukwa kontena imaperekedwa kwa onyamula isanafike m'sitima, ndipo nthawi imeneyo ndi imene imabala mikangano.

Mukatha kukambirana pa foni kapena pa Zoom, tsiku lomwelo tumizani imelo yachidule: ndani achite chiyani, zingati, pofika liti. "Yes" wa pamsonkhano nthawi zina amangotanthauza kuti ndikumva. Ndipo musadabwe, obadwa nacho Chingerezi ndi amene amasokoneza kwambiri ndi zining'a zawo: ku Britain kuchita "table" nkhani ndi kuibweretsa kuti ikambidwe, ku America ndi kuiika pambali. Mgwirizano ukalembedwa m'zilankhulo ziwiri, muikemo ndime yonena chimene chidzatsatidwe zikasiyana.

Funso: Kodi tikakamize antchito onse kulankhula Chingerezi muofesi?

Yankho: Rakuten, kampani ya malonda a pa intaneti ya ku Japan, inatero mu 2010, ndipo inaika mayeso a Chingerezi a TOEIC kwa antchito. Imeneyo ndi kampani yaikulu. Inu phunzitsani kaye olemba makontrakiti, ma invoisi ndi maimelo a kunja. Enawo asiyeni akambirane m'chilankhulo chimene amaganizira bwino.