Napolo ndi nyimbo za ngoma

Achimwene, mwafunsa ngati alembi athu amakhudzako za kusintha kwa nyengo ndi za mitundu ya anthu, kapena amangolemba zachikondi. Amakhudza ndithu, kungoti mophiphiritsa. Steve Chimombo analemba ndakatulo za Napolo, chinjoka cha pansi pa phiri chomwe amati chikamasamuka chimagumula nthaka ndi madzi osefukira. Namondwe Freddy atakokolola nyumba ku Soche mu 2023, ndakatulo zija ndinazimva mwatsopano.

Za mtunduzo, kuno ku Ntcheu musazifune m'mabuku mokha. Pitani ku Nkolimbo pa Umhlangano, mwambo wa pachaka wa Angoni, mukamvere nyimbo za gule wa ngoma. Agogo anga, Mngoni weniweni, amaimba mawu a Chingoni oti ngakhale iwowo sangawamasulire, pomwe pakhomo timayankhula Chichewa chokhachokha. Ndinayamba kuwalemba m'kope mawuwo, koma kalembedwe kake kamandisokoneza.